Dzina Lanu m'Kope la Tiyamike

Amayi,

Kodi kumeneko mukukhala bwanji? Pepani kwambiri kuti ndakusokonezani. Ndikudziwa kuti simunkafuna kudzutsidwa mukagona masana, ndipo tsopano mwapuma zaka zinayi popanda wokugogodani. Ndikanakhala ndi wina womufunsa sindikanakuvutitsani. Kalatayi ndayamba ndailemba papepala lina kenako n'kuikopera pano, kuti musapezemo pofufuta. Mukaona chilembo chopindika mudziwe kuti ndi dzanja la munthu wa Sitandade 5, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa inuyo kuposa ine.

Ife kuno tili bwino. Ndikadali ku Croydon, m'nyumba yam'mwamba ija imene simunaione. Ntchito ndi yomwe ija, kusambitsa ndi kudyetsa okalamba a eni ake. Ndimakwera tramu, kasitima koyenda mumsewu, m'mawa, ndimabwerera pa tramu yomweyo. Msana ukundipweteka chakumanzere, koma ndikafuna kudandaula ndimamva mawu anu aja akuti, "Ukulira chiyani, wafa ndani?" ndiye ndimangomeza. Ngakhale tsiku limene munafadi inuyo sindinalire mokwanira. Pasipoti yanga inali ku ofesi ya imigireshoni, sindikanatha kutuluka m'dziko muno. Achimwene a Gelesomu anakwezera foni m'mwamba kuti ndimve nyimbo za kumanda, khadi ya foni n'kuthera pakati pa nyimbo yachiwiri. Ndinakhala pampando ndi foni yozizira m'manja, kenako ndinapita kushifiti.

Za kumudzi ndimazimva kwa a Gelesomu omwewo. Akuti kachewere chaka chino wachita bwino kumunda wakumtunda, koma wakudimba anawola ndi mvula. Mtengo wanu wamapichesi anaudula, akuti unkagwetsera masamba pamalata. Malatawo ndi anu aja, anawasamutsira panyumba yawo. Chiyambire maliro anu pabanja pathu pabadwa ana atatu, onse aakazi, awiri kwa a Gelesomu, mmodzi kwa mng'ono wanga Esitere. Ndinadikira kuti mwina wina amutcha dzina lanu. Palibe. Nditafunsa, alamu anga anangoseka n'kuyamba nkhani ya mtengo wa feteleza. Chiliza chanu chinamangidwa bwino, dzina analemba molondola chifukwa ndinawawerengera chilembo chimodzichimodzi pafoni. Akuti mbuzi zimakonda kugonapo masana popeza simenti imafunda. Amene amakuyenderani tsiku ndi tsiku ndi amenewo.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera. Ndi nkhani ya mdzukulu wanu Tiyamike. Munamuona komaliza ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, akulira pabasi. Pano ndi mayi wamtali kuposa ine, akuphunzira kuyunivesite ku Greenwich, koma amagonabe kwathu kuno. Chichewa amamva chonse, kungoti amayankha m'Chingerezi.

Tiyamike ali ndi masewera amene amachita ndi anzake Loweruka lililonse masana patebulo langa lodyera. Ndikufotokozereni bwino, musaganize kuti ndi juga. Amakhala anthu akuluakulu, aliyense ndi pepala ndi pensulo, pakati pali timadayisi ta mbali zambiri. Mmodzi amasimba nkhani ya dziko longopeka, enawo amayerekezera kuti ndi anthu a m'dzikomo, wina msilikali, wina wakuba, wina wamatsenga. Munthu akafuna kuchita chinthu amaponya dayisi, nambala ndiyo imanena ngati zatheka. Matsenga ake ndi a papepala chabe, palibe nsupa, palibe mizu. M'mabuku ogula amasewerawo matsenga ena amakhala ndi dzina la mfiti imene inawayambitsa, monga mmene kwathu tinkanenera kuti chitsime cha auje, ngakhale aujewo anafa kalekale. Wosimba nkhani pagulu lawolo ndi Tiyamike, ndipo chaka chino wakhala akulemba matsenga akeake m'kope lachikuto chobiriwira. Akufuna kulisindikiza likhale kabuku, akagawire anzawo amasewerawa.

Loweruka la sabata yathayo ndinali kukhitchini ndikusita yunifomu, chitseko chili chotsegula pang'ono. Pagulupo pali bambo wina wachizungu wandevu, dzina lake Colin, amayendetsa basi, msinkhu wake ngati wanga. Ndinangomva bamboyo akumenya tebulo n'kukuwa kuti akuponya Diso la Nachisale.

Amayi, dzina lanu. Lopanda ngakhale "a" kutsogolo. M'kamwa mwa munthu wandevu amene akutafuna tchipisi. Ine mwana wanu ndafika zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri ndisanalitchulepo choncho. Onse anaseka, dayisi inagubuduka, Tiyamike n'kunena kuti msilikali wa adani wauma pomwe waima, sangathe kusuntha kapena kuyankhula. Ndinapeza kuti nanenso ndaima chimodzimodzi, simbi ili pakolala ya yunifomu. Kolalayo inapsa.

Lolemba, Tiyamike atapita kusukulu, ndinalowa kuchipinda kwake n'kutenga kope lija. Chingerezi changa chowerenga ndi cha malangizo a mankhwala ndi makalata a khonsolo, choncho ndinatsata ndi chala, mzere ndi mzere, mpaka tiyi anazizira kawiri. Dzina lanu lilimo malo makumi atatu ndi limodzi. Ndinawerenga katatu.

Diso la Nachisale ndalinena kale. Amene wayang'anidwa amauma. Munalichita pamaso pa alendo, osatembenuza ngakhale khosi, ine mbale ili m'manja, mpaka mkodzo kutsika m'miyendo. Mukukumbukira tsiku limene anabwera abusa?

Tsenga lina ndi Moto wa Nachisale. Motowo sutentha munthu, umatentha zolemba zonse zimene munthuyo wanyamula, ndipo amaiwala zimene anawerengamo. Amenewo ndi makope anga a Sitandade 5. Munawang'amba tsamba limodzilimodzi kukolezera moto m'mawa, sabata yathunthu, ine ndikupemerera. Munati, "Wawerenga zakwana, ana a Gelesomu awalera ndani?" A Gelesomu anali asanakwatire n'komwe.

Loopsa kwambiri, limene Tiyamike analemba kuti wamatsenga wamng'ono sangalithe, ndi Kusayankhula kwa Nachisale. Woponya amangosiya kukuyankhula. Amakupatsa chakudya, amakuchapira, koma mawu ayi, ndipo iwe tsiku lililonse mphamvu zimachepa mpaka udzagwade wekha. Ine munandichita kuyambira mvula yoyamba mpaka chimanga kumasula ngayaye, chifukwa ndinauza azakhali kuti ndikufuna kubwerera kusukulu. Ndinkakupatsani moni m'mawa, inu n'kuyankha nkhuku.

Mudzafunsa kuti mwanayu anazidziwa bwanji. Ndine. Ndinkamusimbira Lamulungu madzulo pomuluka tsitsi, ndikuseka, ngati nthabwala za kumudzi. Ndinkati, agogo ako anali munthu wovuta, iwe! Iye mutu uli pamaondo anga, phee. Sindinadziwe kuti akusunga.

Nditatha kuwerenga ndinachita mantha. Inu munaikidwa mu yunifomu ya amayi a mpingo. Kwathu kutchula munthu kuti mfiti ndi mlandu, ndipo pano mdzukulu wanu weniweni wakulembani mfiti yaikulu ya dziko lonse. Pagulu lomwelo pali mtsikana wa ku Zambia, Misozi, amene mayi ake timakhala benchi imodzi kutchalitchi ku Peckham. Kabukuko kakangofika m'manja mwa mayiwo, nkhani ifika kwathu ku Dedza khadi imodzi ya foni isanathe. A Gelesomu adzati ndinalephera kubwera kumaliro, tsopano ndikutukwana manda.

Ndiye ndinatenga kabotolo ka utoto woyera wofufutira zolemba. Ndinayamba patsamba loyamba, mosamala, osakhudza chilembo choyandikana nacho, ndikuuzira kuti uume. Ndinafufuta malo asanu ndi awiri. Pachisanu ndi chitatu ndinabwerera kuti ndione ngati ntchito yaoneka bwino. Panali patalembedwa Diso, pambali pake mpata woyera. Moto, mpata woyera. Mipatayo inali yoyera kuposa pepala, ikundiyang'ana. Ndinatseka kabotolo kaja. Ndinabweza kope pomwe linali, molunjika ndi m'mphepete mwa tebulo monga ndinalipezera.

Dzulo, Loweruka, anabweranso. Tiyamike anatsegula kope pamaso pa anzake. Anayang'ana tsamba loyamba, lachiwiri, kenako anayang'ana chitseko cha kukhitchini. Anati, "Mami, tabwerani." Ndinatuluka ndi kansalu kopukutira mbale m'manja, ngati wantchito woitanidwa ndi abwana.

Onse anali ataona mipata yoyera ija. Misozi ndiye anayamba, m'Chinyanja chawo chija. "Anti, osakalipa, ni masewera chabe." Kenako anatembenukira anzake n'kunena kuti iye anali ataona kale kuti si bwino. Anati moto umatentha chimodzimodzi kaya uli ndi dzina kaya ulibe, ndipo munthu watsopano pamasewera amatopa kuloweza mayina a akufa amene sakuwadziwa. "Manje aba ni ambuya ba munthu. Tichosepo zina, tilembe chabe Diso Loumitsa, yasila, nkhani yatha."

A Colin anakana mpaka ndevu kunjenjemera. Anandipepesa kaye kuti sankadziwa kuti dzinalo ndi la munthu weniweni, koma anati tsenga lopanda dzina limakhala ngati linangogwa kumwamba ngati mvula, popanda wolifunsa. Likakhala ndi dzina umadziwa kuti kunali munthu, anakhala pansi tsiku lina, anaganiza, anayesa, n'kupanga chinthu chimene kunalibe. Anati ngakhale basi imene amayendetsa, ikagunda munthu amafunsa kuti anali pachiwongolero ndani, sanena kuti yagunda ndi basi chabe. Misozi anati, "Imwe a Colin, basi yabwelamo bwanji apa?" Onse anaseka kupatula ine ndi Tiyamike.

Ine ndinafunsa funso limodzi, m'Chingerezi changa chothyokathyoka. Ndinati, kodi dzina limene limalembedwa ndi la ndani, la aliyense amene waponya tsengalo? A Colin anati ayi. Anthu chikwi akhoza kuliponya, koma dzina limakhala la amene analiyamba. Enawo amangogwiritsa ntchito zimene anaphunzira. Mawu amenewo, Amayi, ndinawapinda bwinobwino n'kuwasunga.

Masewera sanachitike. Anthu anatolera mapensulo awo n'kumapita dzuwa likadalipo. Titatsala awiri ndinayamba kumuuza za ulemu, za manda, za a Gelesomu, za mayi ake a Misozi. Anandisiya ndimalize. Kenako anayankha m'Chichewa. Mwana amene sanandiyankhepo m'Chichewa chilowereni sekondale, dzulo anachifunafuna liwu limodzilimodzi ngati akutola mpunga wotayika.

Anati, "Mami, agogo ine amandisendera mapichesi. Agogo sanandiyang'ane ine choncho. Anandiyang'ana ndinu."

Ndinati, iwe, ukuyankhula ndi ndani?

Anati, "Mabuku anga, ndili ndi zaka fotini. Anataya ndani?"

Amayi, zimenezi sindinakuuzenipo. Ali wamng'ono anagula mabuku oyamba amasewera amenewa, mlaliki wina n'kutiuza kutchalitchi kuti ndi za Satana. Sindinamukalipire. Ndinadikira Lachiwiri, tsiku limene lole ya zinyalala imabwera, mabukuwo ndinawaika pansi penipeni pa bini, pamwamba n'kuthira makoko a mbatata, ndinaima pawindo mpaka lole inakhota. Mkati mwa mabukuwo munali mapepala ake amene anajambula mapu chaka chathunthu. Atabwera kuchokera kusukulu n'kuyamba kulira, ndinamufunsa kuti wafa ndani.

Anatchulanso china. Pamene anakana kosi ya unesi n'kusankha ya mbiri yakale, sindinamuyankhule masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Ndikudziwa nambala chifukwa ndinkachonga pakalendala ya kukhitchini. Chakudya ndinkamusiyira mu uvuni, zovala ndinkamusitira. Iye anati ankaona kalendalayo m'mawa uliwonse akamatenga mkaka. Anati tsiku lakhumi ndi chiwiri anaima pa siteshoni ya tramu n'kumaganiza zinthu zimene sindingathe kuzilemba pano.

Kenako anatembenuza kope kuti liyang'ane kwa ine, chala chili pampata woyera uja. "Ndinalemba agogo chifukwa ndimafuna kukusiyani inu. Mwawachotsa nokha. Ndiye apa tilembe ndani? Dzina lanu? Felista?"

Ndinafuna kunena kuti pepa mwanawe. Koma sindinamvepo mayi akuwanena kwa mwana, sindidziwa kuti nkhope imakhala bwanji powanena. Chimene chinabwera ndi chimene ndimachidziwa. Ndinangomuyang'ana, osatembenuza khosi. Iye anauma pang'ono, mapewa anakwera ngati ali ndi zaka zisanu. Kenako anaseka kuseka koipa n'kunena kuti, "Eya. Ndi limenelo. Simuponya n'komwe dayisi."

Wandipatsa mpaka Lachisanu likubwerali, chifukwa Loweruka m'mawa akupita nalo kosindikiza. Akuti mpata sukhala wopanda dzina, za Diso Loumitsa za Misozi sakuzifuna, chifukwa zimenezi sizinagwe kumwamba. Pakhala Nachisale kapena pakhala Felista, ndisankhe ndine. Akuti kopelo ndikaliyandikiza kubini, iye atuluka m'nyumba muno tsiku lomwelo, akakhala kwa Misozi, ndipo ana ake sindidzawaluka tsitsi. Ndikumudziwa, sanena kawiri. Anatengera inu.

Lero kutchalitchi ndinakhala pafupi ndi mayi ake a Misozi, tinagwirizira buku limodzi la nyimbo. Sakudziwa kanthu. Ulaliki sindinaumve, ndinali kuwerengera nkhaniyi mbali zonse monga ndimachitira ndi mapilisi a okalamba anga, kuti ndisalakwitse.

Ndikalemba dzina langa, inu mupuma bwino, mbuzi zanu zili pamwamba, a Gelesomu sadzamva kanthu. Koma ndiye kuti ndavomera kuti ndinayamba ndine, ndipo limenelo ndi bodza. Ine sindinayambe kanthu, Amayi. Ndinalibe nzeru zoyambira chinthu, munazikolezera moto. Ndinangophunzira, ndipo pa zonse zimene ndinaphunzira m'moyo, izi zokha ndi zimene ndinakhoza bwino, chifukwa mphunzitsi wake sankajomba. Lamulo la a Colin lili kumbali yanga. Dzina ndi la woyamba.

Ndikuuzeni zoona, popeza kumeneko mwina mumaona kale zam'kati. Nditamva dzina lanu m'kamwa mwa mzungu uja ndinachita mantha, inde, koma pansi pa manthawo panali kena kake kotsekemera. Zaka zonsezi kumudzi amati a Nachisale anali mayi wolimba, wolera ana mwamwambo, wosaphonya mapemphero a Lachinayi. Palibe anafunsapo kuti makope a Felista anapita kuti. Tsopano anthu osakudziwani, m'nyumba zimene simudzaziona, azidzatchula dzina lanu pofuna kuumitsa mdani, ndipo azidzaliopa. Mwana wotchedwa dzina lanu palibe, koma izi zilipo, ndipo zikufanana nanu kuposa mmene mwana akanafanira.

Chimene chandigwira dzanja ndi chimodzi. Chaka chomaliza ndisanabwere kuno, mutadwala chibayo chija, ndinkakusambitsani. Kumsana kwanu, pansi pa phewa lamanja, kunali zipsera zitatu zazitali zakalekale, zoyera, zotalikirana mofanana ngati wina anachita kuyeza. Nditafunsa munati, "Ndani wakufunsa? Thira madzi." Mayi anu sindinawaonepo, ndipo simunawatchulepo ngakhale kamodzi, ngakhale mfunda wawo. Nthawi imeneyo sindinaganizepo kanthu. Dzulo ndaganiza.

Ndiye funso langa ndi ili, Amayi, ndipo ndikulifunsa mwaulemu, nditagwada. Kodi munayamba ndinu? Ngati inunso munachita kuphunzira, ndiuzeni dzina la amene anakuphunzitsani. Ndikamupempha Tiyamike, tilembe limenelo malo onse makumi atatu ndi limodzi, inu ndi ine tikhale ongogwiritsa ntchito, tonse awiri, benchi imodzi. Sindikufuna kukunamizirani. Ndimadana ndi kulemba chinthu pamalo olakwika.

Njira yoyankhira musankhe nokha. Bwerani kutulo, ine sindichedwa kugona masiku ano. Kapena a Gelesomu aimbe foni okha n'kutchula dzinalo ndisanawafunse. Kapena mmodzi wa okalamba anga, aja osokonezeka mutu, alinene pamene ndikumusambitsa. Ndikhala tcheru, pensulo ndi kapepala zili m'thumba la yunifomu. Koma chonde yankho lifike lisanakwane Lachisanu madzulo, nthawi imene Tiyamike amabwera kuchokera ku Greenwich. Ndawerenga, ndi masiku asanu. Inu munatha dzinja lathunthu, ine ndinatha khumi ndi asanu ndi anayi, asanu si ambiri.

Mukapanda kundiyankhula, Amayi, sindidabwa ndipo sindikwiya. Ndingodziwa kuti mwaponyanso tsenga lija lachitatu, ndipo munthu amene akutha kuliponya ali pansi pa simenti ndiye mwini wake ndithu. Pamenepo ndidzatenga cholembera changa chakuda n'kubwezera dzina lanu m'mipata isanu ndi iwiri ija ndi dzanja langa. Ndikulonjeza kuti ndidzalemba bwino, chilembo chimodzichimodzi, monga pachiliza. Ndidzapemphanso Tiyamike aikepo "a" kutsogolo, kuti a Colin akamakuwa azikuwa mwaulemu.

Ndimakukondani, Amayi, mmene munandiphunzitsira.

Ine mwana wanu,
Felista